Ambuya akati "ndili bwino", tengani mpando muwayese

Mwezi ukatha, mu minibasi ya ku Chawama kapena ku Mtendere simungalephele kumva wina akukuwa pa foni: "Amama, mwaiona ndalama? Nanga m'thupi muli bwanji?" Yankho ya kumudzi tonse tiidziwa: "Ndili bwino mwanawanga, ni miyendo cabe."

Kwa amene makolo awo ali ku Chadiza, mau amenewa ndiwo lipoti yonse ya cipatala imene angalandile caka cathunthu. Ulendo ni wautali: basi ya pa Intercity, tsiku lonse pa Great East Road, kukatsikila ku Katete kapena ku Chipata, kenako kusakila galimoto ina yolowela kufupi ndi malile a Mozambique. Ambili amapita pa Khisimasi kapena pa malilo basi. Ndipo nkhalamba ya kwathu siidandaula kwa mwana amene idziwa kuti nayenso lendi yamugwila pakhosi.

Vuto imene imabisala mu "miyendo cabe" madokotala pa Cizungu amati frailty, kufooka kwa ukalamba. Si matenda amodzi ayi. Ni pamene nkhokwe ya mphamvu m'thupi yatsala pang'ono kutha, cakuti malungo a masiku atatu kapena kutelela pa citsime kumagoneka munthu osabwelelanso mwakale. Anthu awili obadwa caka cimodzi, wina akali kupalasa njinga kupita ku Boma, wina kucoka pa mphasa ni nchito. Zaka za pa reji sizingakuuzeni kuti wanu ni uti.

Koma kufooka kumapimika. Mu 2001 dokotala wa ku America, Linda Fried, ndi anzake anaika zizindikilo zisanu: kuonda mosafuna makilo 4.5 m'caka cimodzi, kumva kulema nthawi zambili, manja osagwila zolimba, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kucepa kwa nchito zimene munthu agwila. Wopezeka ndi zitatu ndiye wafooka. Cimodzi kapena ziwili ni cenjezo. Ku Canada, Kenneth Rockwood anapanga muyeso wina umene lelo uli ndi masitepe 9, kuyambila wamphamvu mpaka wodwala kayakaya, ndipo umayang'ana zimene munthu akwanitsa kudzicitila yekha.

Manje miyeso iyi anaipangila anthu a maiko ozizila, ndiye ifunika kuiwelenga ndi maso a ku Chadiza. Funso ya nchito ndiyo imanamiza kwambili. Ambuya a kumudzi sasiya khasu cifukwa thupi lalema. Amasiya tsiku limene alephela kulinyamula, maka ngati alela adzukulu amasiye. Mukamva kuti "akali kulima" musati zonse zili bwino. Funsani kuti munda wacepa bwanji poyelekeza ndi dzinja latha, kuti madzi atunga ndani, ndowa ikali yomweyo kapena asinthila kakang'ono, ku cigayo ndi ku chalichi anafikako liti.

Za makilo nazonso ni zovuta, pakuti sikelo ya ku kiliniki tinaizolowela kuti ni ya ana ndi amai apakati. Agogo ambili sadziwa kulemela kwawo. Apa citenje cimakamba zoona: ngati cayamba kuzungulila kwambili m'ciuno, kapena atate aboola bowo latsopano pa lamba, mnofu wapita.

Ciyeso cosavuta kupambana zonse cili m'buku la malangizo a cisamalilo ca okalamba limene World Health Organization inatulutsa mu 2019. Pezani mpando weniweni wa msinkhu wabwino, olo wobweleka kwa aphunzitsi, muutsamize ku cipupa. Ambuya akhalepo, apinde manja pacifuwa, aimilile ndi kukhala kasanu osagwila paliponse, inu muli pambali kuti angagwe. Foni yanu ili ndi wochi. Akalephela kutsiliza m'masekondi 14, miyendo ifunika kuonedwa ndi a cipatala. Buku lomwelo limafunsanso ngati munthu wataya makilo opitilila 3 m'miyezi itatu, kapena cilakolako ca cakudya catha.

Cina, pimani mamita 4 pa bwalo losalala, ayende monga mwa masiku onse. Kupitilila masekondi 5 ndiye kuti liwilo latsika. Lembani manambala awa ndi deti m'kope, musiyile wacibale amene akhala nawo, abwelezenso pakapita miyezi ingapo. Nambala imodzi siikamba zambili. Koma masekondi 12 a pa Khisimasi akasanduka 19 pofika nthawi yokolola, pali cimene cikudya munthu.

Ndipo nthawi zambili cimeneco cimakhala cocilitsika: kucepa magazi, shuga, BP, TB, mano otha amene alephela kutafuna, ng'ala m'maso yoopetsa munthu kuyenda. Izi ni za ku kiliniki yapafupi kapena ku Chadiza District Hospital, osati zogulila Panadol pa kantemba. Kulinso kumene nkhalamba yoonda, yoiwalaiwala, yokamba yokha imayamba kulozedwa cala kuti ni mfiti. Kope ija ndi khadi ya ku cipatala zingatseke pakamwa ambili.

Boma limapima ndi zaka. Mu 2007 ku Katete, pafupi pomwepa ndi Chadiza, kunayesedwa penshoni ya aliyense wa zaka 60 kupita m'mwamba, ndipo lelo Social Cash Transfer imafikila mabanja a okalamba kudzela m'makomiti a CWAC m'midzi. Ni thandizo lenileni, maka pambuyo pa cilala ca 2024 cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ni tsoka la dziko lonse. Koma ndalama, ya boma kapena yanu ya pa Airtel Money, ikathela pa ufa ndi shuga wa tiyi, mnofu subwela. Thupi lokalamba lifuna mazila, kapenta, nyemba, soya, ndiwo zotendela ndi phala la nsinjilo. Nshawa ndi soya ku Chadiza amalima okha; zimangothela kwa ogula mbeu zikangokololedwa. Kuuza acibale kuti asungeko thumba limodzi la ambuya kungathandize kupambana kuonjezela K100.

Ena akaona manambala oipa amathamangila kuti, "Amama tiyeni ku Lusaka." Nthawi zina m'pake, ngati kufunika madokotala aakulu ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Koma kuwatsekela m'kacipinda ku Kanyama, ana onse ku nchito, iwo pa sofa kuyambila m'mawa mpaka malaiti abwele, kumasungunula miyendo msanga kupambana khasu. Minofu ya nkhalamba imatha m'masiku ocepa ikangokhala osayenda. Kwa ambili cotheka ni kulipila mnyamata wotunga madzi ndi kutema nkhuni, kuwasiyila dimba laling'ono pafupi ndi nyumba, ndi kuwauza kuti mpando uja aziimililapo kangapo m'mawa uliwonse asanamwe tiyi.