Maganizo amene anabadwa akupenta nyumba

Mukanafunsa akatswiri a za maganizo a ku America m'zaka za m'ma 1980 kuti munthu wanzeru ndi wotani, ambiri akanakutulutsirani pepala la mayeso a IQ. Masamu, kudziwa mawu, kukumbukira manambala, basi. Mkwiyo, mantha, chisoni ndi chimwemwe zinali ndi ofufuza ake ake, ndipo anthu ambiri ankaziona ngati zongosokoneza mutu. M'maofesi namonso bwana wopatsidwa ulemu anali uja wa nkhope yothina, wosafuna n'kudziwa komwe kuti wantchito wake wadzuka bwanji.

Ndiye kunabwera mnyamata wina dzina lake Peter Salovey. Anabadwa mu 1958, n'kumaliza digiri ya PhD pa yunivesite ya Yale mu 1986, ndipo anayamba kuphunzitsa pomwepo. M'chilimwe cha 1987 anaitana mnzake John Mayer kuti adzamuthandize kupenta nyumba. Salovey ankafufuza za mmene mtima umakhudzira zochita za munthu, pomwe Mayer ankafufuza za mgwirizano wa mtima ndi kuganiza. Maburashi ali m'manja, nkhani inafika pa funso limene tonsefe tinalifunsapo: zimatheka bwanji kuti munthu wophunzira zedi achite zinthu zopusa chonchi? Yankho lawo linali lakuti kudziwa za mumtima, wako ndi wa anzako, ndi nzeru pazokha, ndipo n'zotheka kuziyeza.

Mu 1990 analemba pepala lawo m'magazini ya akatswiri yotchedwa Imagination, Cognition and Personality, imene anthu wamba sankaidziwa n'komwe. Poyamba kunangoti zii.

Koma mtolankhani wina wa New York Times, Daniel Goleman, yemwenso anaphunzira za maganizo ku Harvard, analiwerenga. Mu 1995 anatulutsa buku lakuti Emotional Intelligence, ndipo eee, zinthu zinatembenuka! Chaka chomwecho magazini ya Time inaika nkhaniyi pachikuto. Bukulo linamasuliridwa m'zinenero zambirimbiri, ndipo mu 1998 Goleman analemba mu Harvard Business Review kuti chimene chimasiyanitsa mtsogoleri wabwino ndi wongokhalapo si mapepala a sukulu okha. Mabwana omwe aja ankanyadira kuuma mtima anayamba kutumizidwa ku maphunziro okaphunzira kumvetsera.

Chimene chimandisangalatsa ine kwambiri n'chakuti Salovey ndi Mayer sanatengeke ndi kutchukako. Ataona kuti ena ayamba kukokomeza, ngati kuti nzeru za mumtima ndi mankhwala ochiza matenda onse, iwo anabwerera ku kafukufuku. Mu 1997 anafotokoza kuti lusoli lili ndi mbali zinayi: kuzindikira zimene munthu akumva, kuzigwiritsa ntchito poganiza, kumvetsa gwero lake ndi kumene zikulowera, ndiponso kuziwongolera. Kenaka pamodzi ndi David Caruso anakonza mayeso a MSCEIT, amene anatuluka mu 2002 ali ndi mafunso 141. Mayesowa safunsa kuti kodi ndinu woleza mtima, chifukwa ndani angayankhe kuti ayi? Amakuonetsani chithunzi cha nkhope kuti munene zimene mwini wake akumva. Amakupatsani nkhani ya munthu wokhumudwa kuti musankhe chimene chingamuthandize. Mu 2004 Caruso ndi Salovey analembera mabwana buku lawolawo, The Emotionally Intelligent Manager.

Ana a sukulu nawonso anapindula. Ku Yale kuli likulu lofufuza za nkhaniyi limene amalitsogolera Marc Brackett, ndipo anakonza njira yophunzitsira yotchedwa RULER. M'kalasi amapachika tchati cha mitundu inayi. Kofiira n'kwa mkwiyo ndi nkhawa, kwa buluu n'kwa chisoni ndi kufooka, kobiriwira n'kwa mtima wodekha, kwachikasu n'kwa chisangalalo. Mwana akalowa m'mawa amaloza pamene ali. Tangoganizani: mwana yemwe kale akanangoti "palibe" kwinaku akumenya tebulo, lero akutha kunena kuti wakhumudwa chifukwa anzake anamusala pa masewera, ndipo mphunzitsi akudziwa poyambira.

Nanga Salovey, mwini maganizo uja? Nayenso anayesedwa pa utsogoleri weniweni. Mu 2004 anakhala mkulu wa Yale College, mu 2008 anakwera kukhala woyang'anira maphunziro a yunivesite yonse, ndipo pa 1 July 2013 anakhala pulezidenti wa nambala 23 wa Yale. Sanali pulezidenti wa nkhope yothina ayi: ophunzira ankamudziwanso ngati woimba besi m'gulu la nyimbo lotchedwa Professors of Bluegrass. Anatsogolera yunivesiteyo zaka 11, kuphatikizapo nthawi yovuta ya Covid-19, ndipo mu 2024 anasiyira mpando Maurie McInnis n'kubwerera ku ntchito yake yauphunzitsi.