Masika Akafika, Tengani Ana Akaone Kariba

M'chaka cha 2024 ife a ku Chongwe tinazolowera kudya nsima yamadzulo titaunikira tochi ya pafoni. Mvula inadula mu Januwale, chimanga chathu cha kufupi ndi Chalimbana chinapserera chisanabereke, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Pofika Seputembala magetsi ankangobwera maola atatu patsiku. Usiku wina mwana wanga wotsiriza, yemwe anali mu Giredi 4, anasiya kudya n'kundifunsa kuti, "Amama, pawailesi akuti madzi atha ku Kariba. Ndiye kuti nako kwauma ngati mtsinje wathu wa Chongwe, anthu akukumba mumchenga?"

Ndaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri, ndipo nyanja imeneyi ndinali nditaijambula pabolodi kambirimbiri, koma maso anga anali asanaione. Ndinamulonjeza kuti Mulungu akatipatsa mvula, tikangomaliza kukolola tidzapita tonse akadzionere yekha. Tinapitadi mu Meyi 2025, anthu asanu ndi mmodzi: ine, bambo a kunyumba, ana atatu ndi apongozi anga aakazi. Zimene ndinaphunzira pokonza ulendowo n'zimene ndikufuna kugawana nanu, chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti kukagona m'mbali mwa nyanja ndi zinthu za azungu ndi mabwana a m'maofesi a ku Lusaka. Banja la mphunzitsi, la mlimi kapena la mayi wogulitsa pamsika lingathe kupita, bola kukonzekera msanga.

Choyamba ndi nyengo. Tauni ya Siavonga, kumene tinapita m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ili m'chigwa cha Zambezi, pafupifupi mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Lusaka ili pamwamba pa mamita oposa 1,200. Kutsika konseko kumatanthauza kutentha. Mu Okutobala, pamene ife kuno tikukonzekera mwambo wa Chakwela Makumbi kwa Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II ndi kuyang'ana mitambo, kuchigwa kutentha kumafika madigiri 40, mwana ndi nkhalamba sangapeze tulo. M'dzinja nako msewu wa m'mapiri umavuta ndipo udzudzu umachuluka. Nthawi yabwino ndi ya masika, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni. Mvula imakhala yatha, mapiri akadali obiriwira, masana kumafunda bwino, usiku kamphepo kayaziyazi. Ndi nthawi imenenso madzi ochokera ku zigwa za Barotse amakhala akulowa m'nyanja, choncho mumaipeza ikukwera. Masiku atchuthi aliponso okwanira: Isitala ikagwera mu Epulo, tsiku la Kenneth Kaunda pa 28 Epulo, la apantchito pa 1 Meyi, ndi la Africa Freedom pa 25 Meyi. Chaka chimene tinapitacho 25 Meyi linali Lamlungu, Lolemba lake n'kukhala tchuthi, ndiye tinapeza masiku atatu athunthu popanda wina kupempha chilolezo kuntchito.

Chachiwiri ndi ndalama. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ine ndili m'chilimba ndi aphunzitsi anzanga asanu ndi awiri, ndipo mu Januwale ndinawapempha kuti mwezi wanga wolandira ukhale Epulo. Bambo a kunyumba anawonjezera ya nkhuku zimene anagulitsa pa Isitala. Ndalamayo ndinaigawa m'maenvulopu anayi: ya mafuta ndi ma toll gate, ya malo ogona, ya chakudya, ndi ina yosakhudza yoti itithandize galimoto ikawonongeka kapena wina akadwala. Envulopu ya chakudya inali yopyapyala kuposa zonse chifukwa tinanyamula zathu: ufa, nyemba, nkhuku ziwiri zowotcheratu, tomato ndi anyezi wa m'dimba, mbatata, mbaula ndi kathumba ka makala. Ndiwo yokhayo imene tinasiya dala ndi nsomba, poti kunyamula nsomba popita kunyanja n'kunyoza eni dera.

Za malo ogona, safunsa anadya phula. Ku Siavonga kuli mahotela odziwika a m'mphepete mwa madzi monga Lake Kariba Inns ndi Lake Safari Lodge, kuli malo omangapo matenti, kulinso magesitihausi otsika mtengo m'kati mwa tauni. Pa masiku atchuthi malo amadzaza msanga chifukwa anthu a ku Lusaka amakhamukira komweko, choncho imbani foni kudakali milungu inayi kapena isanu. Ife pamalo oyamba amene tinaimbira anatiuza mtengo umene unatisangalatsa, ndipo ndinatsala pang'ono kutumiza ndalama pafoni. Apongozi ndiwo anandigwira dzanja, amvekere, "Mwanawe, afunse kaye, mtengowo ndi wa chipinda kapena wa mutu umodzi?" Unali wa mutu umodzi. Tinapeza kwina, kanyumba ka zipinda ziwiri kololeza kudziphikira. Funsani zinthu izi musanalipire: ngati mtengo ndi wa munthu kapena wa chipinda, ngati ana amalipira, ngati kuli masikito a udzudzu, ngati kuli jenereta kapena sola magetsi akazima, ndiponso ngati amalola mbaula. Mukatumiza ndalama, sungani uthenga wake.

Tinanyamuka Loweruka 5 koloko m'mawa. Kuchoka ku Chongwe kufika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo amene walawirira amadutsa m'tauni magalimoto asanathithikane. Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Siavonga ndi makilomita pafupifupi 200. Mumatsata Kafue Road kudzera ku Chilanga, kulipira pa toll gate ya Shimabala, n'kufika ku Kafue, kumene ndi bwino kudzaza mafuta ndi kuonanso mpweya wa matayala. Mukawoloka mlatho wa Kafue mumafika pamphambano ya Turnpike: kudzanja lamanja ndi ku Mazabuka ndi Livingstone, inu mumapitirira ndi msewu wa ku Chirundu. Apa ndi pamene dalaivala ayenera kukhala maso. Msewu umatsetsereka m'mapiri mokhotakhota, malole akuluakulu opita ku Zimbabwe ndi South Africa ali ndondondo, ndipo dera lina la mapiriwa limatchedwa Kapiri Ngozi, dzina lonena lokha. Tsikani ndi giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe, musapitirire lole pokhota, ndipo musayende msewu umenewu usiku. Kutatsala makilomita osakwana 20 kuti mufike ku Chirundu mumakhotera kumanja, n'kuyenda makilomita ena pafupifupi 65. Opanda galimoto asataye mtima, maminibasi a ku Siavonga amanyamuka ku Lusaka tsiku lililonse, chofunika ndi kufika pasiteshoni m'mamawa.

Msewu wotsirizawu musauthamangire. Pafupi ndi pokhoterapo pali Chirundu Fossil Forest, pamene mitengo yakalekale inasanduka miyala. Ana anga anaigwira n'kuona mizere ya thabwa m'mwala. Patsogolo pake, m'dera la Lusitu, pali Ing'ombe Ilede, dzina la Chitonga lotanthauza ng'ombe yogona, lochokera pa mlambe wakugwa umene umaoneka ngati ng'ombe ili chigonere. Mu 1960 anthu amene ankakumba pamalopa anapeza manda akale okhala ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya Indian, umboni wakuti chigwachi chinali pa njira ya malonda azungu asanabwere.

Koma chimene chinandikhudza kwambiri ku Lusitu ndi anthu ake. Pamene damu la Kariba linkamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za Zambezi anasamutsidwa, minda yawo ya m'mbali mwa mtsinje ndi manda a makolo awo zinamira. Mu 1958 anthu a Mfumu Chipepo atakana kuchoka, apolisi a boma la atsamunda anawombera n'kupha anthu 8. Ena mwa anthu a Chipepo, pafupifupi 6,000, anawakweza m'malole n'kudzawatula ku Lusitu, dziko louma la milambe ndi mbuzi. Tinaima pamenepo kugula malambe ndi dengu kwa amayi a m'mbali mwa msewu. Apongozi, amene anabadwira ku Katete ndipo amadziwa kuwawa kwa kusiya mudzi, analetsa mwana wawo kunenerera mtengo. Phunzirani mawu awiri okha musanafike kumeneko: "mwabuka buti" polonjera m'mawa, ndi "twalumba" pothokoza. Nkhope za anthu zimamasuka.

Nyanja inaonekera mwadzidzidzi titakwera kachitunda, madzi obiriwira ngati thambo mpaka kumene maso alekezera. M'galimoto munangoti zii. Kenako wamng'ono uja anati, "Amama, si iyi yadzaza? Nanga magetsi ankazimiranji?" Yankho lake tinalipeza madzulo a tsiku lomwelo pakhoma la damu, makilomita ochepa kuchokera m'tauni. Khomalo lili pamalire a Zambia ndi Zimbabwe, choncho mumayamba mwaonekera ku ofesi ya pamalire ndi NRC kapena pasipoti, n'kunena kuti mukungokaona damu. Khomali ndi lalitali mamita 128 kupita m'mwamba, m'litali mamita 579. Analimanga ndi kampani ya ku Italy ya Impresit, anthu 86 anafera pantchitoyo, ndipo linatsegulidwa mu Meyi 1960. Nyanja imene linapanga ndi yaitali makilomita oposa 200.

Nkhani ya magetsi ili motere. Madzi amene amazunguza makina amalowera pa zipata zimene zili chakumtunda, osati pansi pa nyanja. Bungwe la Zambezi River Authority, limene maiko awiriwa anakhazikitsa mu 1987, limalola kupanga magetsi madzi akakhala pakati pa mamita 475.5 ndi 488.5 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Ndiye kuti pa madzi onse amene mukuwaonawo, a pamwamba okha, mamita 13, ndiwo amayatsa mababu athu. Ndinamufotokozera mwanayo ndi mgolo wa kunyumba: mpopi ukaikidwa pafupi ndi kukamwa kwa mgolo, madzi akatsika pang'ono mpopi umauma ngakhale mgolo uli ndi madzi ambiri. Siteshoni ya Kariba North Bank imatha kupanga mamegawati 1,080, koma mvula ikakana kumene Zambezi imachokera, kumpoto chakumadzulo kwa dziko lathu ndi ku Angola, makinawo amangokhala. Anayang'ana mzere wotuwa pamiyala, pamene madzi ankafika zaka zabwino, n'kugwedeza mutu. Phunziro limene choko changa chinalephera, maso ake analigwira m'mphindi zochepa.

Usiku tinakhala pakhonde tikuotcha bream imene tinagula kwa asodzi. Mwezi kunalibe, ndipo panyanja panayaka nyali zambirimbiri ngati mudzi woyandama. Amenewo ndi maboti a kapenta. Asodzi amatsitsa ukonde wozungulira pansi pa nyali yowala, tinsombato timasonkhana pakuwalako, iwo n'kukweza. N'chifukwa chake mwezi ukakhala wathunthu kapenta sagwidwa bwino, ndipo wofuna kuona nyalizi asankhe masiku a mdima. Apongozi anadabwa kumva kuti kapenta amene akhala akukazinga moyo wawo wonse si mbadwa ya Kariba: anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. M'mawa mwake tinapita kumene amayanika pa mathandala, tinagula wouma wokwanira ife ndi anansi. Masiku ano kulinso makampani monga Yalelo amene amaweta bream m'makhola oyandama, ndipo nsomba zambiri zimene timagula m'mashopu a ku Lusaka zimachokera kumeneko.

Mawu anga olemera kwambiri ndi awa: nyanja ya Kariba si yosambamo. Muli ng'ona zambiri, muli mvuu, ndipo m'madzi osaya a m'mbali muli nkhono zofalitsa likodzo. Mwana wa ku Chongwe amene anazolowera kudumphira m'madamu a m'mafamu akaona mchenga woyera amafuna kuthamangiramo. Muuzeni musananyamuke, mumuuzenso mukafika. Ngati akufuna kusambira, mahotela ena amalola alendo a tsiku limodzi kulipira n'kugwiritsa ntchito dziwe lawo. Mukakwera boti lokaona kulowa kwa dzuwa, monga tinachitira ife Lamlungu, aliyense avale life jacket boti lisanachoke, ndipo ngati mulibe zokwanira tsikani, ndalama ibwerere kapena itayike. Mphepo ikakuntha nyanjayi imautsa mafunde aakulu. Gonani m'masikito, ndipo wina akamva kutentha thupi m'milungu iwiri mutabwerako, thamangani naye kuchipatala akayezedwe malungo, muwauze kumene munali.

Lolemba tinanyamuka 10 koloko m'mawa kuti tikwere mapiri kukuwala, ndipo 3 koloko masana tinali titadutsa toll gate ya Chongwe. Envulopu yachinayi ija inabwerera yosatsegula, ndipo ndi imene yakhala mbewu ya ulendo wina. Mwana wanga tsopano akapeza babu likuyaka masana amalizimitsa yekha, amati tisamalize mamita 13 aja. Apongozi nawo akamapemphera madzulo amatchula anthu a ku Lusitu.

Makolo anzanga a ku Chongwe, Kanakantapa, Chalimbana ndi Silverest, nyanja imeneyi ili pa mtunda wa maola asanu okha kuchokera pakhomo panu. Lankhulani ndi a m'chilimba chanu mu Januwale, sankhani Loweruka la mu Epulo kapena Meyi, imbani foni msanga, nyamulani ufa ndi mbaula. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, tengani ana ndi agogo awo akaone madzi amene amatiunikira, ndipo mukaime ku Lusitu muthokoze anthu amene anataya midzi yawo kuti madziwo akhalepo.