Kuyesa kulimba kwa pulasitiki pokanikiza

Kodi munaonapo mayi akusankha ndowa ya pulasitiki pa msika wa Sakubva ku Mutare? Amaidina ndi chikhadabo kuti amve kulimba kwake. Akatswiri amachitanso zomwezo, kungoti iwo amalemba manambala.

Njira yake ndi iyi: mumakanikiza chinthu cholimba pa chomwe mukuyesacho ndi mphamvu yodziwika, kenaka n'kuyeza kadzenje katsalako. Johan August Brinell wa ku Sweden anaonetsa njira yotere mu 1900 pogwiritsa ntchito kampira kachitsulo. Pa pulasitiki ambiri amagwiritsa ntchito kachipangizo ka Shore, kowerenga kuyambira 0 mpaka 100. Makina ena amabaya ndi kansonga ka dayamondi, n'kusiya kadzenje kosaoneka ndi maso.

Komatu pulasitiki sali ngati chitsulo. Mukamukanikiza, nsonga imapitiriza kulowa pang'onopang'ono ngakhale mphamvu isasinthe. Mukaichotsa, kadzenje kaja kamabwerera pang'ono. Akatenthedwa amafewanso. N'chifukwa chake m'kalasi gulu lililonse limapeza yankho lakelake ngati simunagwirizane za nthawi. Ophunzira asaganizenso kuti cholimba pamwamba sichisweka. Ndowa youma gwa ndiyo imang'aluka msanga ikagwa.

Ntchito
Pezani zidutswa za paipi ya PVC, ndowa ndi chotsekera botolo. Khomani msomali pa kathabwa, nsonga itulukire kunsi. Ophunzira aike nsongayo pa chidutswa chilichonse, asanjikepo njerwa imodzi kwa masekondi 15. Onetsetsani kuti njerwayo ndi yomweyomweyo. Abwerezenso ndi zidutswa zomwe zakhala padzuwa, kenaka afananize timaenjeto poyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu.