Werengerani Agogo Nyuzipepala

Ananu a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè, mukagula mandasi okulungidwa m'pepala la nyuzi, musathamangire kukolezera moto. Liwongoleni bwinobwino, muyang'ane pamwamba penipeni. Pamenepo pamakhala dzina la nyuzipepala ndi tsiku limene inatuluka. Mukapeza dzina loti Notícias, dziwani kuti mwagwira nyuzipepala yakale kuposa agogo anu. Inayamba kutuluka mu 1926, mzinda wa Maputo ukutchedwabe Lourenço Marques.

Nanga n'chifukwa chiyani imafika kuno tsiku lake litadutsa kale? Mtolankhani amayamba wapita kukaona zomwe zachitika ndi kufunsa anthu. Mkonzi amawongola zolembazo, makina n'kusindikiza usiku. Zikatero ulendo wayamba. Kuchoka ku Maputo kufika ku Lichinga pamsewu ndi makilomita oposa 2,000, ndipo kutsika mapiri kuchoka ku Lichinga kudzafika ku Metangula ndi enanso oposa 100. Wailesi ndi foni zimaipitirira, n'zoona. Koma wailesi ikanena yanena, pomwe pepala mungaliwerenge kawiri katatu, mawa n'kulitenganso.

Vuto lake n'lakuti nyuzipepalayi imalembedwa m'Chipwitikizi, pamene pakhomo timayankhula Chinyanja. Apa ndiye pofunika inu ana asukulu. Madzulo nsima ikatha, khalani pamkeka, muwerenge ndime imodzi mokweza, kenako muifotokoze m'Chinyanja. Mawu akakuvutani musachite manyazi, ngakhale akuluakulu ena amapunthwa nawo.

Tiyerekeze kuti nkhaniyo ndi ya nyanja yathuyi. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza kuti mbali yathu ya nyanjayi ikhale malo otetezedwa, chifukwa muli mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse padziko. Pepala lingakuuzeni zimenezo. Koma silinakwerepo bwato. Funsani agogo: "Kodi kale usipa unkachuluka bwanji? Chambo munkachipha kuti? Mumadziwa bwanji kuti mwera ukubwera?" Mudzaona nokha akukhala tsonga. Mwina abambo adzati kuletsa kuwedza ndi neti ya udzudzu n'kwabwino poti imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mwina amayi adzafunsa kuti nanga wosowa ndalama ya ukonde adye chiyani. Asiyeni atsutsane, inu tcherani khutu. Ine ndimaona kuti mkangano wotere umaphunzitsa kuposa nkhani imene yauyambitsa.

Palinso kamasewera kamene atolankhani eniake amachita. Nkhani yolembedwa bwino imayankha mafunso awa: ndani, wachita chiyani, kuti, liti, ndipo chifukwa chiyani? Mmodzi awerenge, enanu musake mayankhowo. Yankho lina likasowa, ndiye kuti mwamupeza wolembayo! Olemba nyuzi nawonso ndi anthu, amaiwala ndipo nthawi zina amalakwitsa, choncho si chilichonse chosindikizidwa chomwe muyenera kungochimeza.

Nkhani zina, monga za ngozi ndi zaupandu, zimaopsa. Zoterozo musawerenge nokha, itanani wamkulu. Ndipo amalume akamapita ku Lichinga, apempheni mwaulemu kuti pobwera akutengereniko nyuzipepala imodzi, ngakhale ikhale ya sabata yatha.