Inki ya m'botolo ku Area 23: chithunzi chimatuluka lero, koma chikhala mpaka liti?

Mukayenda m'timashopu tojambula ndi kutsuka zithunzi tozungulira msika wa Area 23, simuchedwa kuona sirinji pathebulo, pambali pa timabotolo tinayi: inki yakuda, yabuluu, yofiirira ndi yachikasu. Eni malo amadziwika ndi zala zawo. Utoto umene uli m'zikhadabo sumatha ndi sopo wa tsiku limodzi.

Ntchito ya sirinjiyo ndi kudzadza inki m'katiriji wa pulinta. Wojambula amatukula kapepala kapamwamba pa katiriji, n'kulowetsa singano m'kabowo mpaka ifike m'kasiponji kali m'kati, kenako n'kumakankha inki pang'onopang'ono. Akafulumira, mpweya umalowa ndipo chithunzi chimatuluka ndi mizeremizere. Akadzadzitsa, inki imasefukira. Katiriji wa mitundu ali ndi zipinda zitatu zoyandikana, choncho yachikasu ikangolowera kwa yabuluu, mkwatibwi wa diresi yoyera amatuluka nkhope yobiriwira, ndipo pepala lodulalo lapita.

Palibe amene amachita zimenezi chifukwa chokonda. Mapulinta ang'onoang'ono monga HP DeskJet 2130 kapena Canon Pixma MG2540 amagulidwa pa mtengo wofikirika, koma makampani amapeza phindu lawo pa katiriji. Katiriji wamba wa HP 123 amabwera ndi inki yosadzadza n'komwe kasupuni ka tiyi, ndipo chithunzi chimamwa inki kuposa kalata, chifukwa pepala lonse limapakidwa. Botolo la mamililita 100 la inki yosakhala ya kampaniyo, imene yambiri imachokera ku China n'kumapezeka m'mashopu a ku Old Town, limadzadza katiriji yemweyo kambirimbiri. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wochokera kunja anakwera, ndipo katiriji woyambirira anasanduka chinthu cha m'maofesi aku City Centre. Kasitomala wa ku Area 23, Kawale kapena Biwi akafuna zithunzi za pafomu ya ntchito kapena ya sukulu, safunsa kuti inki ndi ya kampani iti. Amafunsa mtengo.

Makampani sanangokhala. Mu 2016 HP inayamba kukana, kudzera m'pulogalamu ya m'mapulinta ake ena, makatiriji okhala ndi kachipu kosakhala kake, njira imene imaitcha Dynamic Security. Ku America nkhani yodzadzanso makatiriji inafika ku khoti lalikulu kwambiri, ndipo mu 2017 linagamula mlandu wa kampani ya mapulinta ya Lexmark kuti kampani ikagulitsa katiriji siingagwiritse ntchito lamulo la patenti kuletsa wina kum'dzadza n'kum'gulitsanso. Epson inasankha njira ina. Itaona kuti ku Indonesia anthu akulumikiza okha timathanki ta inki ku mapulinta ake, mu 2010 inatulutsa komweko mapulinta obwera ndi mathanki awo. Ndiwo makolo a L3110 ndi L805 amene lero ali m'masitudiyo ambiri mu Lilongwe. L805 imagwiritsa ntchito mitundu isanu ndi umodzi, ndipo mitundu iwiri yowonjezerayo ndi imene imasalalitsa khungu la munthu pachithunzi. Komabe ngakhale m'mathanki amenewa, ambiri amathira inki yotsika mtengo.

Choopsa choyamba pa ntchito yodzadza inkiyi chimagwera mwini pulinta. Mapulinta a HP ndi Canon amalavula inki poitenthetsa, ndipo inkiyo ndi imenenso imaziziritsa timawaya ta m'mutu wa katiriji. Amene amadikira kuti inki itheretu asanadzadze amapsereza mutuwo. Pulinta ya Epson siitenthetsa inki, koma mutu wake ndi wokhazikika m'kati mwake, moti ukatsekeka ndi inki yoipa, mtengo wogulira wina umatha kuyandikira wa pulinta yatsopano. Kuno kwathu pali adani ena awiri. Fumbi la Okutobala la m'misewu ya dothi ya m'lokeshoni limalowa paliponse. Magetsi nawo akazima pulinta ili pakati pa ntchito, mutu umaima panja osabwerera pamalo pake potsekera, ndipo inki imauma m'timabowo. Ojambula amene anadutsa m'mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, amazidziwa bwino zimenezi.

Choopsa chachiwiri n'chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa chimagwera kasitomala, ndipo chimafika mochedwa. Inki ili m'magulu awiri. Ya dye ndi utoto wosungunuka m'madzi: imawala, mitundu yake imakoma, koma kuwala kwa dzuwa ndi mpweya zimaisulutsa. Ya pigment ndi timiyala ting'onoting'ono toyandama m'madzi: imapirira zaka zambiri, koma imadula ndipo imatseka msanga mutu wa pulinta yosapangidwira iyo. Inki yambiri ya m'mabotolo otchipa ndi ya dye, yopanda mankhwala olimbitsa amene makampani akuluakulu amaikamo. Mitundu yake siisuluka pamodzi. Umodzi umayamba kuthawa, ndiye chithunzi cha chinkhoswe chimene chinapachikidwa pabalaza moyang'anana ndi zenera chimayamba kufiira kapena kuchita chikasu, nkhope zikuzilala. Pa tsiku lochitenga, chabwino ndi choipa zimaoneka chimodzimodzi.

Pa chithunzi cha pafomu, zimenezi zilibe kanthu, chimakagona m'faelo. Koma m'nyumba zambiri za m'Area 23 chithunzi cha malemu chokhacho chimene chilipo ndi chimene chinatsukidwa mothamanga usiku wa maliro, kuchokera pa WhatsApp, ndipo foni imene inali nacho inatayika kalekale.

Ojambula ena ali ndi mitengo iwiri: wa inki wamba ndi pepala lopyapyala, wina wa inki yoyambirira ndi pepala lolemera, ndipo amauza kasitomala kusiyana kwake. Ndimaona kuti ndicho chilungamo pa malonda amenewa. Amalangizanso kuika chithunzi m'felemu ya galasi kapena kuchilaminetsa, kuchipachika kutali ndi dzuwa ndi utsi wa mbaula, ndiponso kusunga fayilo yake pa memori khadi kuti chikasuluka chidzatsukidwenso. Ena sanena kanthu, pokhapokha kasitomala atafunsa yekha kuti m'thankimo mwathiridwa inki yanji.