TV YA MASEWERA: LIWIRO LIPOSA UKULU

Malonda a cimanga ndi nshawa akatha, mabanja ambiri a ku Chipata, Katete ndi Petauke amakwera basi kupita ku Lusaka kukagula katundu wa panyumba. Masiku ano pa katunduyo sipalephera kukhala wailesi ya kanema, imene ambiri aicha TV, ndipo ana safuna yoonerapo nkhani cabe, koma yocitirapo masewera a makina monga PlayStation ndi Xbox. Anyamata ena amapezerapo ndalama polipiritsa anzao ofuna kumenya mpira wa pa kanema. Motero kusankha molakwa ndiko kutaya thukuta la caka cathunthu.

Kanema anayamba m'dziko lino mu 1961 ku Kitwe, ndipo kwa zaka zambiri wogula anali kufunsa zinthu ziwiri zokha: ukulu ndi mtengo. Masewera abweretsa funso lacitatu, ndilo la liwiro. Woonera nkhani amangopenya, koma wosewera akakanikiza batani afuna kuti munthu wa pa galasi amenye mpira nthawi yomweyo. TV zina zimayamba zakongoletsa cithunzi zisanacionetse, ndipo m'kanthawi kameneko mpira umakhala utalandidwa kale. Mankhwala ace ndi makonzedwe ochedwa Game Mode, amene amazimitsa zokongoletsazo kuti cithunzi cifike msanga.

M'masitolo a mu Cairo Road, Cha Cha Cha Road, ku Kamwala ndi ku Manda Hill, ma TV amaikidwa pamzere akuonetsa mitundu yowala. Koma akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wogula wanzeru amapempha wogulitsa kuti amuonetse Game Mode, ndipo ngati nkotheka alumikize makina, iye ayese yekha.

Ayeneranso kutembenuza TV ndi kuona zibowo za kumbuyo. PlayStation 4 ya mu 2013 ndi PlayStation 5 ya mu 2020 zimatumiza cithunzi pa nthambo ya HDMI yokha, kotero TV zakale za cimimba, za nthambo yofiira, yoyera ndi yacikasu, sizigwirizana nazo popanda kacipangizo kena. TV wamba imasintha cithunzi ka 60 pa sekondi imodzi, pamene zodula zimafika ka 120 ndipo zimakhala ndi HDMI 2.1. Mwini PlayStation 4 asabvutike nazo zodulazo, pakuti makina ace sapitirira 60.

Ukulu wa TV uyenera kulingana ndi cipinda. M'nyumba zazikulu za ku Kabulonga ndi Woodlands, kumene mipando ili patali, ya mainchesi 55 ya mtundu wa 4K imakhala bwino. M'zipinda zocepa, monga zambiri za ku Kabwata ndi Chelstone ndiponso za kumudzi, ya mainchesi 32 kapena 43 njokwanira, makamaka ikakhala yolembedwa Full HD.

Nkhani ina yaikuru ndi ya malaiti. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo Lusaka anali kukhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Malaiti akamabwerera nthawi zina amadza ndi mphamvu yoposa muyeso ndi kuocha zipangizo, cotero kacipangizo kochinjiriza nkofunika kugulira pamodzi. A kumudzi odalira sola adziwe kuti PlayStation 5 imadya mawati pafupifupi 200 posewera, kuposa kangapo TV ya LED ya mainchesi 32. Batire locepa lidzatha mpira usanafike pakati. Mawati a TV iri yonse amalembedwa pa kapepala ka kumbuyo kwace.

Potsiriza, wogula asacoke m'sitolo wopanda lisiti ndi cikalata ca waranti, cifukwa ndizo mboni zace akapita kukadandaula kwa mwini sitolo kapena ku bungwe la boma loteteza ogula la CCPC. Pa basi TV ikhale m'katoni yace, coimirira, osati cogona pansi pa matumba. Ulendo wa pa Great East Road kufika ku Chipata uposa makilomita 500, ndipo galasi losweka panjira waranti silipira.