ELIZABETI ANADZIBISA MIYEZI ISANU: NANGA AMAI ATHU?



Luka Woyera, m'mutu woyamba wa Mthenga Wabwino, akutiuza kuti Elizabeti ataima anadzibisa miyezi isanu. Amai ambiri kwathu kuno amachita chimodzimodzi. Ena amaopa afiti ndi anthu ansanje, ena amadikira kuti anamkungwi ayambe achita mwambo wa chisamba, ena ndi manyazi chabe. Kusunga chinsinsi pamaso pa anthu a m'mudzi ife sitikuletsa. Koma kubisira namwino ndi nkhani ina, pakuti m'miyezi itatu yoyambayo ndi mmene ziwalo za mwana zimaumbidwa, ndipo ubongo ndi msana zimayamba m'masabata oyambirira enieni, mai asanatsimikize n'komwe kuti ali ndi pakati.

Nanga mai angadziwe bwanji? Chizindikiro chachikulu ndicho kudumpha mwezi osasamba. Mawere amalemera ndi kuwawa, nsonga zake zimada. Nseru imabwera, kawirikawiri m'mawa, ngakhale kwa ena tsiku lonse. Fungo la usipa wokazinga limene dzana linkamkondweretsa, lero likumsanzitsa. Amatopa msanga pa ntchito imene anaizolowera, amakodza pafupipafupi, ndipo ena amalakalaka dothi, chimene nthawi zina chimasonyeza kuchepa kwa magazi. Komabe zizindikirozi pazokha sizikwanira. Msambo ungachedwe chifukwa cha matenda, njala kapena nkhawa, ndiponso mai woyamwitsa angathe kuima asanayambenso kusamba. Chotsimikiza ndi kupimitsa mkodzo kuchipatala, ntchito ya mphindi zochepa.

M'chaka cha 2016 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti mai woyembekezera aonane ndi azaumoyo maulendo 8, ndipo ulendo woyamba uchitike masabata 12 asanathe. Kusikelo amayesa kuthamanga ndi kuchuluka kwa magazi, amapima chindoko ndi kachirombo ka HIV. Kuyambira 2011 dziko la Malawi limapereka mankhwala a moyo wonse kwa mai woyembekezera aliyense wopezeka ndi kachiromboka, ndipo amene wayamba msanga amateteza bwino mwana wake. Amalandiranso mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, neti yogonamo, ndi Fansidar woteteza ku malungo miyezi itatu ikapita. Wofika mimba itaoneka kale wataya zambiri mwa zimenezi.

Pali zina zosadikira tsiku la sikelo: kutaya magazi, kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'mimba, kutentha thupi, kusanza kosalekeza, mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja. Zikaoneka izi, ngakhale pakati pa usiku, njinga ituluke. Mankhwala a zitsamba kapena mapiritsi ogula pagolosale asamwedwe namwino asanafunsidwe.

Inu abambo, mkazi wanu akayamba kugona masana musathamangire kunena kuti wayamba ulesi. Mfunseni mwaulemu, mlandireni khasu ndi ndowa, ndipo ulendo woyamba wa kusikelo mupite naye kuti nanunso mukapimidwe.

Kwa inu akatekisi tili ndi pempho limene likutilemera pamtima. Amene amabisa koposa onse ndi mtsikana wosakwatiwa. Amamanga mimba ndi nsalu, amaopa bambo ake, amaopa kuitanidwa ku bwalo la mpingo, ndipo mantha amenewa ndiwo amam'fikitsa kwa anthu ochotsa mimba mobisa, kumene miyoyo iwiri imatayika pamodzi. Mlandu wake udzakambidwa, ndipo khomo la Kulapa silitsekedwa. Koma loyamba likhale chipatala. Amai Maria atamva za Elizabeti ananyamuka mofulumira, nakhala naye ngati miyezi itatu. Chotero pa msonkhano wa mphakati wanu sabata ino, sankhani amai awiri okhwima maganizo, odziwa kusunga pakamwa, amene mtsikana wotere angapite kwa iwo, ndipo iwo amperekeze kusikelo Lolemba lisanapite.